Nsato ya Nungu ndi Alendo Odzazonda Matenda

Padangotero, kalelo nyama zikadamanga nyumba moyandikana n'kumapalirana moto, panali Nungu. Nungu ameneyu sanali nyama wamba. Anali nankungwi wamkulu m'dziko la Mfumu Mkango, ndipo mwambo wonse unkatulukira pakamwa pake. Maliro akagwa, ukwati ukayandikira, matenda akakula pakhomo, onse ankathamangira kwa iye kukafunsa kayendetsedwe kake. Iye ankayankha zimene wafunsidwa, n'kuwonjezerapo zina zimene sanafunsidwe.

Ulemu ankam'patsa ndithu, koma unali ulemu wapatali. Ndani angakhale moyandikana ndi mayi wa minga thupi lonse? Pamsonkhano ankamusiyira mphasa yonse yekha, ena n'kumapanikizana pafumbi. Nungu ankati umenewo ndiwo ulemu woyenera nankungwi, koma mumtima zinkamuwawa.

Tsiku lina moto wolusa utadutsa, anatola kamwana ka nsato palupsa, kali lefu. Anakatengera kunyumba, n'kukamwetsa madzi. Katatsitsimuka, kanakwawa n'kulowa pakati pa minga yake mosalasidwa, n'kukagona pamsana, pakhungu penipeni. Chibadwire, Nungu anali asanakhudzidwepo ndi chamoyo chilichonse pamenepo. Misozi inalengeza. Pompo anakatcha dzina loti Khalapano.

Nkhanga, amene nyumba yake inali pafupi, anabwera kudzaona.

"Mayi, kodi mwayamba kuweta njoka?"

"Ndikulera mwana," anatero Nungu. "Mwana wa mnzako ngwako yemwe."

"Mnzanu wake uti? Ine ndili ndi mazira kwangaku. Chinthu chanucho chikangoyandikira pakhomo panga, ndikukasuma kwa a Njati."

A Njati ndiwo anali nduna ya milandu, ndipo milandu yambiri ankaigamula ndi chiboda. Nungu atamva dzina lawo anatenga dengu lalikulu, n'kuikamo Khalapano, n'kuvundikira ndi lichero, pamwamba n'kutsendereza mwala.

Khalapano anakula msanga, ndipo chimene chinakula kwambiri ndi lilime. Linali lozuna ngati uchi.

"Amayi," anatero m'mawa wina, "dengu ili ndi labwino zedi. Palibe mwana wogona pabwino ngati ine. Kungoti kansungwi aka kakundilasa m'nthiti."

"Kati?"

"Aka ka pansika. Koma musavutike, ndipirira."

Mawu oti ndipirira amenewo ndiwo anamugwira Nungu pamtima. Anasolola kansungwi kaja ndi mano, n'kupita kukalanga anamwali. Aliyense wodziwa kuluka akadamuuza kuti dengu ukalisolola kamodzi, tinzake timayamba kumasuka. Koma Nungu ankadziwa mwambo, za madengu ayi.

Pobwerera anamva nyimbo. Inali ya mawu opyapyala, yokwera ndi kutsika ngati mmene njoka imayendera. Inkayamba ndi kutama amayi a woyimbayo kuti ndi akatswiri omanga makola, kenaka n'kufunsa ngati alipo amene anamangirapo mphepo khola. Pothera pake panali kamzere kokoma kovomera, ndipo ana a nyama anali atakagwira kale, akuwomba m'manja.

Nungu anathamanga minga ili wayawaya. Anam'peza Khalapano atazinga chisa cha Nkhanga, mwini wake akulira ali pamwamba pa denga.

"Iwe! Ukutani pamenepo?"

"Ndikungowafunditsa, amayi. Anali pamphepo."

"Choka msanga! Chosamva adachiphikira m'masamba, wamva?"

Anapepesa kwa Nkhanga mpaka kukhosi kuuma. Atafika kunyumba anataya dengu lija kudzala, n'kutenga mtsuko waukulu wofululira mowa. Anaponyamo Khalapano, kukamwa kwake n'kuikako phale, pamwamba n'kusanjikapo mwala wa mphero.

"Tsopano solola kansungwi tione," anatero.

Khalapano anafatsa kwa masiku ndithu. Ankadya ziwala zake, kuthokoza, n'kugona. Nungu anayamba kuyenda monyadira, n'kumauza anzake kuti mwana amafuna dzanja lolimba basi.

Ndiye kunabwera chisanu.

"Amayi," mawu anatuluka mumtsuko monjenjemera, "inu muli ndi minga yofunda. Ine ndili ndi chiyani?"

"Uli ndi bodza. Funda lomwelo."

"Chabwino, amayi. Ndikauma musadziimbe mlandu. Ndimangoti mwina pakhonde paja pamawomba kadzuwa."

Nungu anazungulira nyumba akung'ung'udza. Anadziuza kuti sauchotsa mtsukowo pamalo pake. Anadziuzanso kachiwiri. Kenaka anaukankha mpaka pakhonde, m'mphepete mwenimweni pamene dzuwa linkafika. Anaona kuti phale lili bwino, mwala uli bwino, n'kupita kukatunga madzi.

Phale linalidi bwino, mwala unalidi bwino. Koma khonde la Nungu linali lalitali. Khalapano anadziunjika mbali imodzi, n'kudziponyera mbali ina, uku ndi uku, mpaka mtsuko unapendekeka. Phwaa!

Nungu anaimva nyimbo ija ali kuchitsime. Ulendo uno ana ankavomera movina, ndipo ngakhale akuluakulu ena ankaiyimbira m'mphuno. Anasiya ndowa pomwepo. Anam'peza Khalapano kuseri kwa nyumba ya Nkhanga, pakhosi patatupa chinthu chozungulira.

"Ichi n'chiyani?"

"Ndi chotupa, amayi. Chisanu chija."

"Chotupa chofanana ndi dzira?"

"Matenda a masiku ano ndi odabwitsa."

Nkhanga sanadikire kupepesedwa. Anauluka molunjika kubwalo, ndipo dzuwa lisanapendeke a Njati anali atafika, asilikali awo a Njiri ali pambuyo.

"A Nankungwi," anatero a Njati, "ndikukupatsani ulemu chifukwa munalanga ana anga. Koma mutu ukakula sulewa nkhonya. Mlandu wa dzira mulipira. Ndipo njoka yanuyi ikadzapezekanso kunja kwa khola, sindidzabwera kudzayankhula. Asilikali anga adzaisaka kulikonse ili, ine ndidzaiponda mutu."

Anamenya chiboda pansi kuti onse aone kukula kwake. Nungu anayang'ana chibodacho, n'kuyang'ana kamutu ka Khalapano.

"Wamva?" anafunsa alendo atapita. "Wamva zimene wandiputira?"

"Ndamva, amayi. Koma mwana wa ng'ona sakulira dziwe limodzi."

"Iwe sindiwe mwana wa ng'ona! Ndiwe mwana wanga, ndipo ukulira dziwe limene ndakuika!"

Anaitana a Chiswe, amisiri a zomangamanga. Anazika nsungwi mothithikana, n'kumata dothi kunja ndi m'kati, pansi n'kutsindira mpaka kulimba ngati thanthwe. Denga analiluka kawiri. Chitseko chinali cha nsungwi zong'alula, chokhala ndi mpiringidzo wa mtengo wa muwanga. Nungu anazungulira khola lonse akulasa paliponse ndi munga wake kufuna kabowo, osakapeza. Kenaka analumbira kuti makutu ake atseka.

"Amayi, muno mukutentha."

"Utuluke thukuta."

"Amayi, muli nyerere."

"Ucheze nazo."

"Amayi, ndalota maloto oipa."

"Ugonenso ulote abwino."

Khalapano anayesa kulira, anayesa kutama, anayesa kunyanyala chakudya. Zonse zinagwera pamwala. Ndipo wochenjera lilime likamuthera amachita zopusa kuposa chitsiru. Pansi pa chitseko panali kampata kamene ngakhale buluzi akadayamba waganiza kawiri. Khalapano analowetsapo mutu, n'kudzikakamiza.

Masana amenewo Nungu akubwera kuchokera kumunda anatchera khutu monga mwa chizolowezi. Kunalibe nyimbo. Anayamba kukondwa, koma atangokhota pakona ya nyumba anaona mutu wa Khalapano uli kunja kwa khola, thupi lili m'kati, magazi ali chuchuchu. Nsungwi yong'alula ija inali itamucheka pamimba, ndipo akati apite kutsogolo inkalowa, akati abwerere inkang'amba.

"Amayi," anatero ndi mawu enieni, opanda uchi, "ndikufa."

"Usagwedezeke! Ndati usagwedezeke, chitsiru iwe!"

Nungu anagwada n'kuyamba kutafuna nsungwi ija ndi mano, uku akutukwana, uku akulira, uku akucheuka kuopa kuti Nkhanga angaone. Nsungwi itaduka anamunyamula mwanayo mosamala n'kumulowetsa. Magazi a pakhomo anawakwirira ndi phulusa. Chitseko anachikonza tsiku lomwelo, kampata kaja n'kukatseka ndi thabwa.

Anatuma mthenga kwa sing'anga Birimankhwe. Amene anaitanapo Birimankhwe pa matenda a changu akudziwa mmene mtima umapsera. Phazi limodzi kutsogolo, kuima, kuliganizira, kulibweza pang'ono. Nungu anatopa kudikira, anakam'chingamira panjira, n'kumunyamula ndi thumba lake lomwe.

Sing'anga anayang'ana bala ndi diso limodzi, linalo likuyang'ana nkhokwe ya Nungu.

"Bala ili ndi lalitali koma silakuya," anatero pang'onopang'ono. "Muzilitsuka ndi madzi ofunda a mchere. Muzipaka mafuta a nsatsi. Muzimanga ndi luzi la nthochi, osathina. Asagone pamchenga, mchenga ukalowa pabala mudzandiitananso. Muyalireni masamba a nthochi, muzisintha akanyowa. Chakudya chochepa, mimba isatambasuke. Akadzafundula khungu ili, ndiye kuti wachira."

"Adzafundula liti?"

"Likadzafika tsiku lake."

Apa ndipo Nungu anaona mavuto enieni. Khalapano wathanzi anali wovuta, koma Khalapano wodwala anali chilango. Madzi akafunda ankati akuwotcha, akazizira ankati amayi akufuna kumupha. Luzi akalimanga m'mawa, pofika masana lili pakona, iye akuti lamasuka lokha. Masamba a nthochi ankati ndi oterera. Ziwala ankati zathyoledwa miyendo molakwika. Nungu anasiya kupita kuzinamwali, anasiya kumunda, anawonda mpaka minga ina kuyamba kuthothoka.

"Ndinalakwanji ine?" ankafunsa denga. "Anzanga amatola nkhuni palupsa, ine ndinakatola mlandu. Mvula ikakuona litsiro sikata."

Komabe sanaphonye kutsuka balalo. Ankalipaka mafuta ndi nsonga ya lilime, pakuti zikhadabo zake zinali zaukali. Pang'ono ndi pang'ono mafinya anauma, m'mbali mwa bala munayamba kukumana, mpaka panatsala mzere wotuwa. Nungu anayamba kupuma bwino.

Kenaka m'mawa wina anapeza maso a Khalapano atachita mbuu ngati aphimbidwa ndi phulusa. Khungu linali litazimirira. Anam'patsa chiwala, iye anatembenuza mutu.

Njoka iliyonse imatero ikatsala pang'ono kufundula. Khalapano ankazidziwa zimenezo m'thupi mwake. Nungu sankazidziwa, pakuti pamene mwanayo ankafundula kale anali wotsekeredwa m'dengu ndi mumtsuko, iye n'kumangotola khungu pambuyo pake. Ndipo Birimankhwe, mwa kuchedwa kwake, mawu amenewo anali asanafike nawo pakamwa.

"Amayi, muli kuti? Sindikukuonani."

"Ndili pano, mwanawe. Ndili pompano."

"Poizoni wa nsungwi uja walowa m'kati. Ine ulendo wayandikira." Anapuma mwa befu. "Kodi kwathu mwauza?"

"Kwanu kuti? Kwanu ndi kuno."

"Kuno ndi kwa amayi ondilera. Koma ndili ndi atsibweni, a Chimtolo, mwini mbumba yathu. Matenda afika apa, iwo sakudziwa. Ndikatsikira kulichete m'manja mwanu, mudzawauza chiyani?"

Nungu anayamba kusintha masamba a nthochi aja.

"Kodi si inu amayi," anapitiriza Khalapano mofooka, "munaimitsa maliro a mkazi wa a Nguluwe, mtembo uli pakhomo, chifukwa mwamuna sanatumize uthenga wa matenda kwa eni ake? Munati matenda sabisa. Ana onse a m'dziko muno amawadziwa mawu anu amenewo."

Minga ya Nungu inaima yonse. Kunena zoona, anakayika. Fungo la bodza ankalidziwa tsopano. Koma anayang'ananso maso otuwa aja. Nanga akafadi? Nankungwi wamkulu adzaima bwanji pabwalo, ataikira mwana wa eni m'manda mwakachetechete ngati mbuzi? Nyama ina iliyonse ikadatseka chitseko n'kunena kuti za mwambo tidzaona mawa. Nungu yekha ndiye sakadatha.

Anatuma Namzeze kukapereka uthenga. Anapitanso kwa a Njati kukapempha njira, ndipo iwo anavomera monyinyirika, pakuti odzazonda matenda satsekeredwa njira ngakhale ndi mfumu. Nkhanga atamva anasonkhanitsa anapiye ake onse n'kukwera nawo mumtengo.

Nungu ankayembekezera alendo awiri kapena atatu. Kunabwera mtundu wonse. Azakhali, asuweni, azilamu, adzukulu, onse nsato, onse a mawanga ofanana, bwalo lonse lili nyomi. Patsogolo pankakwawa a Chimtolo, nkhalamba yonenepa ngati mtondo, yopuma mofwenthera. Odzazonda matenda amanyamulako kaufa kapena kankhuku. Awa anabwera chimanjamanja, ndipo manjawo analibe n'komwe.

"Mlongo wanga!" anafuula a Chimtolo. "Pakuti mwana wa mlongo wanga amakutchulani amayi, ndiye kuti inunso ndinu mlongo wanga. Mwachita bwino kutiuza. Ali kuti wodwalayo?"

"Ali m'kholamu. Mukhoza kumuyankhula pakhomapa, amamva."

Alendo onse anadzutsa mitu.

"Pakhoma?" anadabwa a Chimtolo. "Kuzonda matenda pakhoma? Kwathu timamva kuti kuno kuli nankungwi wodziwa mwambo. Kapena tasochera?"

Nungu anachotsa mpiringidzo wa muwanga uja ndi manja ake omwe. Alendo analowa mmodzimmodzi mpaka khola linadzaza, ndipo m'katimo munayamba kulira kwa azakhali.

"Tsopano, mlongo wanga, mutipatseko mpata," anatero a Chimtolo atatulutsa mutu. "Pali mawu a m'banja. Komanso anthuwa achokera kutali, m'mimba mulibe kanthu."

"Chakudya chibwera," anatero Nungu. "Koma ine pakhomo pano sindichoka."

Anakokera mafuwa pafupi ndi chitseko n'kuphikira pomwepo, diso limodzi pamphika, lina pakhomo. Matemba onse amene anasunga anathera pamenepo. Alendo anadya, anapempha ena, anagona masana onse m'kholamo atapiringizana, osadziwika mutu uwu ndi wa mchira uti. M'katikati mwa mulu umenewo munkamveka kukhwekhwereza, ngati wina akudzikhuza pansungwi. Nungu anafunsa, ndipo azakhali ena anayankha kuti akumusisita wodwala.

Dzuwa litapendeka anayamba kutsanzika. Nungu anaima pakhomo minga ili njo, n'kunena kuti aliyense atuluke payekha, chagada, aonetse mimba. Alendo anadandaula kuti chipongwe chotere sanachionepo, koma iye sanasunthe. Ankafuna khungu lozimirira, maso otuwa ndi mzere wa bala. Onse amene anadutsa anali a maso owala ndi khungu losalala. Wina wa kumapeto anali wonyezimira kuposa anzake, ngati wadzola mafuta a ukwati, ndipo kamzere koyera ka pamimba pake kanabisika m'mawanga atsopano. Nungu anam'kankha kuti afulumire.

Anasuzumira m'kati. Pakona, pansi pa mulu wa masamba a nthochi, panatulukira mchira womangidwa luzi, ukupuma pang'onopang'ono. Mtima unakhala pansi. Anatseka chitseko, anabwezera mpiringidzo, n'kuperekeza alendo mpaka pamphambano, pakuti mlendo sabwerera yekha ngati wakuba. M'chipiringu chotero sanaone kuti nkhalamba yonenepa ija mulibe.

Ali m'njira kubwerera, mphepo inamubweretsera nyimbo kuchokera kumene alendo analowera. Inali yomwe ija ya mawu opyapyala, yofunsa za khola la mphepo, koma tsopano ovomera anali mtundu wonse wa nsato. Ndipo inali ndi ndime yatsopano, yothokoza amayi amene anatafuna nsungwi ndi mano awo, amene anapaka bala ndi lilime lawo, ndi kuwalonjeza kuti woyimbayo sadzawaiwala kulikonse adzakafike.

Nungu sanadziwe kuti wafika bwanji kunyumba. Anakankha mpiringidzo, anamwaza masamba aja. Pansi pake panali khungu lofundula la Khalapano, lopepuka, mzere wa bala ukuonekera bwinobwino. Pambali pake panagona a Chimtolo, luzi lili kumchira, akuyasamula.

"Mwabwera, mlongo wanga? Alendo mwawaperekeza bwino?"

"Mwana wanga ali kuti?"

"Wachira. Mwagwira ntchito, tikuthokoza. Ndiye anati kuno kuli malo abwino, chakudya chobwera chokha, mayi wodziwa kusamala. Ine msana unayamba kale kuvuta, kusaka sindingathenso. Tinangogwirizana."

"Tulukani! Tulukani msanga musanaone chimene minga iyi imachita! Nkhalamba yopanda manyazi! Mbala! Tulukani m'khola mwanga!"

"Ndituluke?" anafunsa a Chimtolo mosatekeseka. "Chabwino. Koma tamverani kaye kunjaku."

Kunja kunkamveka ziboda. A Njati anali atafika ndi asilikali awo, Nkhanga akuwatsogolera.

"A Nankungwi!" anaitana a Njati. "Mayi awa akuti amva nyimbo ija kutchire. Asilikali anga ndi okonzeka, ndipo alendo anu sanapite patali. Tiuzeni, njoka yanu ili m'kati kapena yatuluka?"

Nungu anaima pakhomo la khola. Mawu anali atafika kale pamlomo, ndipo anali mawu okoma kuwalavula: yathawa, yandipusitsa, kaigwireni! Anayang'ana a Njiri akunola mano awo pansi. Anayang'ana chiboda chija. Anaganiza za khungu latsopano la mwana wake, lanthete, limene linali lisanakhudzepo ngakhale minga ya m'tchire. Ndi phazi lakumbuyo anakankhira khungu lofundula lija pansi pa masamba.

"Ili m'kati," anatero. "Nyimboyo ndi abale ake, anaiphunzira muno."

A Njati analowetsa mutu. A Chimtolo anatsinzina, n'kubuula mwaulemu.

"Yanenepatu!" anadabwa a Njati.

"Ndi mankhwala a a Birimankhwe. Amatupitsa."

Nkhanga anasuzumira pansi pa miyendo ya a Njati. "Koma nkhopeyi yakalamba bwanji? Ija inali ya kamwana."

"Matenda amakalambitsa, anzanga," anatero Nungu mano ali gwa. "Mudzadwale muone."

"Basi, mlandu palibe," anagamula a Njati. "Njoka ili m'khola. Muziisunga chomwechi, a Nankungwi. Ndizidzadutsa kudzaona, ndipo tsiku limene ndidzapeze muli mbee, ulenje udzayamba."

Anapita. Nungu anatsala chiimire, osadziwa ngati alire kapena alume wina. Kumbuyo kwake kunamveka kukhosomola.

"Mlongo wanga, tsekaniko chitsekocho, kukulowa mphepo. Ndipo matemba a masana aja anachepa mchere."

Amati mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka. Amene ananena mawu amenewo sanakumane ndi a Chimtolo. Nungu anasiya chitseko chosatseka, iwo anadandaula za chimfine. Anachizula n'kuchisonkhezera pamoto, iwo anapempha chofunda. Mvula itagwetsa khoma la khola, iwo sanayang'ane n'komwe kutchire, anangokwawa n'kukalowa m'nyumba mwa Nungu momwe, n'kusankha mbali yofunda. A Njati atadutsa anati bola ili pansi pa denga, palibe cholakwa. Kuwathamangitsa sakadatha, pakuti nkhalamba ija ikadangochoka, asilikali akadatuluka kukasaka mwana wake. Khoswe akakhala pamkhate sapheka.

Choncho Nungu, amene anatha mphamvu zake zonse kutsekera njoka imene ankaikonda, anakalamba akudyetsa njoka imene ankadana nayo. Pamaso pa anthu ankaitchula mwana wanga. Mbale iliyonse imene ankaiponya patsogolo pa a Chimtolo inkagula tsiku lina la moyo wa mwana amene sanabwerenso ngakhale kudzapereka moni.

N'chifukwa chake mpaka lero mlenje akasuzumira kuuna kwa nungu, nthawi zina amapeza chinsato chitadzipinda pakona, chili phee ngati mwini nyumba. Mwini nyumba weniweni amam'peza panja, akuyenda yekhayekha, akung'ung'udza, ndipo ukangomufunsa za kunyumba minga yonse imaima.

Yanga yathera pomwepa. Amene ali pafupi ndi chitseko aone ngati alendo onse atulukadi.